Timadontho Tabuluu ta a Heit

Lolemba, 13 Meyi

Udzu wafika m'maondo. Mchimwene wanga Fokke akufuna kutchetcha sabata yomwe ino, akuti ng'ombe zake sizidya mazira a skries, mbalame za miyendo yaitali zomwe zimaikira mu udzu. Amalankhula choncho chaka chilichonse, koma akafika pa chisa amachilambalala ndi thirakitala mwaulemu ngati akudutsa pamanda.

Madzulo ndinawapititsira supu a Heit. Bambo angawa chigwereni pa kamlatho ka ngalande mwezi watha, chiuno sichikuwalola kulowa m'minda. Amangokhala pawindo, tabuleti pamiyendo, kuyang'ana mapu a gulu lathu loteteza mbalame. Kadontho kabuluu kalikonse ndi chisa. Tambiri anaika okha asanagwe, ndi timawu tawo m'munsi: "mayi wamwano, amatukwana", "mazira anayi, pafupi ndi chipata chothyoka". Kuzika ndodo pa zisa tinasiya kalekale, akhwangwala anazindikira kuti pomwe pali ndodo pali nkhomaliro. Ndiye mapuwa ndiwo maso a Fokke akakhala m'thirakitala.

Ndinawauza kuti neba wathu Hiske akuulutsa kadroni kake kokhala ndi kamera yoona kutentha, ndipo zisa zomwe akupeza ndikufuna kuzisanjika pa mapu omwewa. Nkhope yawo inagwa pomwepo. Akuti chisa chimapezeka ndi miyendo, osati ndi choseweretsa.

"Ufafanize zanga kuti za mtsikanayo zikwane?"

Mtsikanayo ali ndi zidzukulu ziwiri. Ndinawafotokozera kuti mapuwa ali ngati mapepala oonekera mkati osanjikizana, la ngalande, la malire a minda, la zisa, ndipo ukaika lina pamwamba, la pansi limangokhala. Ndinalonjeza ndithu. Anathimitsa tabuleti, n'kuiponya mu drowa ya masupuni. Akuti saioneranso mpaka misalayi itatha.

Supu anamaliza yonse.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndawaimbira a Heit, sanayankhe. Akwiyadi. Fokke akuti wawaona pawindo ndi magalasi oonera patali, ndiye ali moyo.

Lachitatu, 15 Meyi

Hiske wabwera ndi fayilo yake, nsapato zili matope okhaokha, wandithera buledi wa shuga. Zomwe ali nazo ndi za minda ya kum'mawa yokha, kwina sanafikeko chifukwa cha mphepo. Ndamuuza za kukwiya kwa a Heit, waseka mpaka kutsamwa khofi. Akuti iwo ndi amene anamuonetsa chisa chake choyamba ali kamwana, n'kumukalipira chifukwa anaponda pafupi kwambiri. Mpaka lero akawaona amayang'ana kaye mapazi ake.

Mawa ndisanjika. Mtundu wa lalanje kwa Hiske.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndilembe bwanji?

Fayilo ya Hiske dzina lake ndi "zisa". Gawo lathu lakale pa mapu dzina lake ndi "zisa". Kompyuta inandifunsa funso, Fokke ali pa foni akundisokosera za mvula, ine n'kudina "inde" osawerenga. Kutsegula mapu, lalanje yekhayekha kum'mawa. Kwina konse mbee. Tabuluu tonse tapita, ndi timawu tomwe.

Ndinathimitsa, kuyatsa, kuthimitsanso. Ndinayang'ana pa foni yanga, pa ya Hiske, mpaka ndinathamangira kukhola kukaona pa sikilini ya m'thirakitala. Zonse zinali zitalandira kale mapu atsopano. Intaneti ya kuno imachedwa tsiku lililonse, lero lokha inaganiza zothamanga.

Kumene amatisungira mapuwa kwandiyankha mnyamata waulemu kwambiri: wodziwa kubweza zakale wapita kale kutchuthi cha Pentekoste, abwera Lachiwiri. F. akutchetcha Loweruka, chifukwa Lamulungu mvula ikuyamba ndipo sikuoneka kuti idzakata msanga. Sanandikalipire. Anangovula chipewa, kukanda m'mutu, n'kunena kuti angayendetse pang'onopang'ono, koma mu udzu wotalika chonchi chisa umachiona utachiponda kale. Bola akanakalipa.

Hiske akuti ayesa kuulutsa minda yotsalayo mawa ngati mphepo ingalole, koma yonse sangaimalize.

Kwa a Heit sindinapiteko. Ndinadutsa panjinga, nkhope kumbali ngati wakuba.

Lachisanu, 17 Meyi

Nzeru inandibwerera m'mawa uno ndikusaka supuni ya khofi. Drowa! Tabuleti ija yakhala yothimitsa kuyambira Lolemba. Siinamve kanthu. Mapu akale akadali m'mimba mwake, bola isanunkhize intaneti.

Ndinafika kwawo ndi wefuwefu, osagogoda, kulunjika kuseri kwa sofa n'kuzula chingwe cha intaneti. Wailesi yawo, yomwe imadalira intaneti, inangoti zii pakati pa nkhani za nyengo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa ngati nyumba ikupsa.

Ndinawauza zonse ndili chiimire. Ndimayembekezera "ndinanena ine". Iwo anangofunsa ngati mayi wamwano uja wapitanso. Nditavomera, anayang'ana kunja. Pamenepo m'pomwe misozi inandilengeza.

"Heit, tabuleti ija simunaiyatseko?"

"Ndinati sindiyatsa."

"Ngakhale kamodzi?"

"Iwe Tjitske, unayamba wandionapo nditasiya kukwiya nthawi isanakwane?"

Ndinaitulutsa pakati pa masupuni. Batire linali litatsala pang'ono kufa. Inayaka mwaulesi, kenako mapu, kenako buluu, buluu paliponse mpaka ku ngalande yayikulu. Ndinawapsompsona padazi. Anapukuta ndi mpango, akuti ndisawazolowere.

Ndinakopera gawolo pa laputopu ndi chingwe, n'kulisunga malo atatu. Kenako mofatsa, funso lililonse kuliwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Lakale ndalitcha "zisa za oyenda pansi". La Hiske "zisa za kumwamba". Lililonse ndi kabatani kake koyatsira ndi kuthimitsira. Atangoona kabataniko anathimitsa la Hiske, kuliyatsa, kulithimitsanso, akumwetulira ngati apatsidwa ufumu.

Masana Hiske anabwera ndi zomwe wapeza m'mawa, zinalowa bwinobwino osakankha mnzake. Tinakhala atatu kuyerekeza. Malo ambiri lalanje wagona pa buluu ndendende. Kadontho kena ka Hiske, kamene anapita kukakaona ndi maso, kanali ndowe yofunda ya ng'ombe ya a neba, ndipo a Heit anaseka mpaka chiuno kuwawa, akuti tikalembe "mazira palibe, fungo lilipo". Koma pakona ya munda wakumadzulo panali talalanje titatu popanda buluu. Anakuza mapu ndi zala, kuyang'anitsitsa. Akuti pamenepo anadutsapo kawiri mu Epulo. Hiske anafulumira kunena kuti mwina zinaikira iwo atagwa kale. Anamuyankha kuti asawanyengerere ngati mwana, mwina anangoziphonya basi. Kenako anamukankhira mbale ya mabisiketi.

Chingwe cha intaneti ndinaiwala kubwezera. Andiimbira madzulo kundikumbutsa, mawu ali myaa.

Loweruka, 18 Meyi

Zisa zili pa mapu, koma anapiye oswedwa kale sakhala malo amodzi, ndipo akamva thirakitala sathawa, amangobisala mu udzu. Ndiye Hiske anati aziulutsa kadroni patsogolo pa F. m'mawa, nthaka isanatenthe. Nditawauza a Heit dzulo anangoti hm. Lero ndikudutsa ndi galimoto, ndinawapeza pakhomo atavala jekete ndi chipewa, ndodo ziwiri m'manja. Akuti akufuna kukaona mmene tikuonongera.

Tinawakhazika pampando wopinda pa chipata, bulangete pamiyendo. Hiske manja ake onse anali pa zowongolera, ndiye anawapempha kuti amugwirire sikilini. Anailandira ndi nsonga za zala ngati thewera.

F. anayamba cha pakati kupita m'mbali. Ankazungulira buluu, kuzungulira lalanje, kusiya tizilumba ta udzu. Mayi wamwano anauluka n'kumutukwana mokwanira. Ine ndimayang'ana thirakitala, ndiye sindinaone kuti a Heit awerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikilini.

"Imbira Fokke, aime."

Pa sikilini yotuwa panali timadontho toyera tinayi, tikuyenda mondondozana kulowera ku ngalande, kena kakutsalira, kenako n'kuthamangira anzake. F. anaima. Ndinalowa mu udzu, iwo akunditsogolera pa foni, kumanzere, ayi kumanzere kwakoko, ima pomwepo, yang'ana pansi pa phazi. Tinalipo. Tofunda, timiyendo tatitali kuposa thupi. Ndinatinyamula m'chipewa kukatisiya m'mbali mwa ngalande mosatchetchedwa, makolo a tianapiyeto akundizungulira pamutu.

Pobwerera ndinawapeza sakundiyang'ana n'komwe. Hiske anatsitsa kadroni kuti asinthe batire, iwo akumufulumizitsa, akuti munda wakumadzulo sudikira. Anamufunsa ngati kangatsike pang'ono kuti azitha kusiyanitsa skries ndi bakha. Anati kangathe, koma mbalame zingachite mantha. Anagwirizana naye kuti ayi, kakhale komweko.

Ndinawafunsa ngati sakuzizidwa, mwina ndiwabwezere kunyumba. Anandikupiza ndi dzanja ngati ntchentche. Akuti m'malo moima chabe ndikatenge khofi, ndipo ndikafika pa laputopu ndiwonjezere gawo lina, la anapiye, lobiriwira, koma ndiwerenge kaye funso ndisanadine.

Ndikulemba izi m'khitchini, madzi akuwira. Pawindo ndikuwaona kutali, mitu iwiri yagundana pa sikilini imodzi, dzanja la a Heit lili m'mwamba kuloza kumadzulo.