Tsiku Limene Anatseka Msewu ndi Moto

Mexico City, 14 Malichi

Okondedwa achimwene Fidencio,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Nanga mayi, mwendo uja wasiya kutupa? Ife kuno tili moyo, koma ndikati tili bwino ndinama.

Mwina munamva pa wailesi za mkangano wa magalimoto. Akuluakulu a boma akufuna lamulo loti magalimoto akale ofuka utsi asamalowenso pakati pa mzinda. Lole ya alamu anu a Rutilio mukuidziwa, ndi nkhalamba, koma ndi imene imatidyetsa potuta tomato ndi tsabola kupita kumisika ya m'katimo. Chifuwa cha mphumu cha mwana wathu Yaretzi mukuchidziwanso. Choncho m'nyumba mwathu nkhaniyi sitinkaikamba pa chakudya.

Lamlungu lapitalo kunali msonkhano wa m'dera lathu. Anaimirira Mayi Crescencia, anesi oyandikana nafe nyumba, n'kunena kuti atopa kulandira ana obanika m'mawa uliwonse. Sanamalize. A Anselmo, omwe aja anaimira Yaretzi pa ubatizo, anakuwa kuti, "Iwe mayi, utsi udapha ndani? Imapha ndi njala! Ana athu uziwadyetsa jakisoni?" Mipando inayamba kuuluka, wina anatemeka pamutu, msonkhano n'kuthera pomwepo.

Lachiwiri m'mawa madalaivala anatseka msewu waukulu ndi malole awo, yathu ili pakati pomwe, n'kuyatsa matayala. Mphepo inakankhira utsi wonsewo kunyumba zathu. Pofika naini koloko m'chifuwa mwa Yaretzi munkalira ngati wezulo, milomo itachita bii. Mankhwala opopera m'kamwa aja sanathandize. Ndinathamangira kwa Mayi Crescencia. Sanafunse zambiri, anangotenga makiyi a galimoto yawo.

Njira ya kuchipatala ndi imodzi, ya pamoto pomwepo. Titafika ndinatulutsa mutu pawindo kupempha kuti atipatse mpata. Wina anazindikira amene akuyendetsa. "Eee, ndi mayi wa mpweya wabwino uja! Tsika udzapume kuno!" Mwala unaswa galasi lakutsogolo, zidutswa n'kutiwazira kumaso. Anawakoka tsitsi kuwatulutsa, achimwene, mayi wa imvi, n'kumawaponda m'nthiti ali pansi. Iwo sankadziteteza n'komwe, ankangokuwa kuti m'galimotomo muli mwana. Ine ndinamufungatira Yaretzi pampando wakumbuyo, ena akugwedeza galimoto kuti aigubuduze.

Alamu anu, omwe anali pakati pa madalaivalawo, anamva mawu anga. Anabwera chothamanga n'kudziponya pamwamba pa anesiwo. Chitsulo chomasulira matayala chimene a Anselmo anali atakweza kale chinawapeza iwo pa diso lakumanzere. Ndinamva kulira kwake, ngati dzungu likusweka. Ataona magazi a mnzawo, anthu aja anabwerera m'mbuyo. Alamu anu, dzanja lili kumaso, anandiuza kuti ndisawayang'ane, ndithamange ndi mwana. Ndinamubereka n'kudutsa pakati pa matayala oyakawo, wapansi mpaka kuchipatala, nsapato imodzi itatsalira komweko.

Yaretzi anakhala pa makina a mpweya masiku atatu, tsopano watuluka. Mayi Crescencia athyoka nthiti zinayi. Diso la alamu anu madokotala alephera kulipulumutsa, ndipo awauza kuti za chiwongolero aiwale. A Anselmo anabwera kuchipatala ndi thumba la malalanje, akulira, ati sanaone kuti akumenya ndani. Alamu anu anawafunsa kuti kodi chitsulocho chikanagwera anesi aja zikanakhala bwino? Malalanjewo ndinawagawira odwala ena.

Za lamulolo akukanganabe mpaka lero, uyu ati njala, uyu ati mapapo. Onsewo ndimawamvetsa, n'chifukwa chake wailesi ndinaizimitsa.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti muli ndi anu okudalirani, koma paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Sukulu ikatsekera pa Pasaka, bwerani mudzamutenge Yaretzi akakhale nanu kumapiriko. Dokotala wati chifuwa chake chikufuna mpweya woyera. Komanso akangomva hutala amakabisala kunsi kwa tebulo, ndipo bambo ake sakuwayang'ana kumaso. Ine sindingachoke. Ndikusamala odwala awiri, poti Mayi Crescencia alibe mbale kuno, ndipo ndine amene ndinakawagogodera.

Mayi muwauze kuti mdzukulu wawo akubwera kudzawacheza. Za disolo musanene, ndidzawauza ndekha ndi pakamwa panga.

Moni kwa alamu anga, kwa azakhali a Teodora, kwa amalume ndi ana onse. Muzitikumbukira m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Eulalia