Mtengo wa Mapeyala ndi Penti wa Khonsolo

Lolemba, 6 Okutobala

Mng'alu wa pakhoma la kuchipinda wakula. Chala chikulowa tsopano. Mtengo wa mapeyala waweramira denga ndithu. Mizu ya mbali ya kumtsinje ili pamtunda, dothi linapita ndi madzi a chaka chatha.

Wolakwa si mtengo. Chiyambireni mwini malole kukwirira dambo la tsidyalo ndi zidutswa za njerwa, madzi alibe kopumira. Onse amadzagunda kuno. Lero malole ayamba m'mamawa. Fumbi mpaka pa makina osokera. Ndachita kuphimba nsalu za eni.

Mtengowu anabzala ndi malemu amake ana chaka chimene tinalowa m'nyumba muno. Nthanga ya peyala limene tinagawana titakhala pa makatoni, mipando tisanagule. Mapeyala a chaka chino sanawalawe.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kunabwera mwana wanga wamkazi, wachisamba. Analowa kuchipinda kukatenga mapepala a kuchipatala a mayi ake, anatuluka nkhope itasintha. "Ababa, mtengo uwu ukapanda kudulidwa mvula isanagwe, mukusamukira kwathu. Ine sindiika makolo awiri chaka chimodzi." Mawu a mayi ake enieni, ngakhale kaimidwe.

Kwawoko ndikudziwako. Kachipinda kosungiramo njinga ndi matumba. Makina sangalowe.

Aneba, owotcherera zitsulo, anamva zonse pampanda. Akuti, "Achimwene, Lamulungu anthu ali ku mapemphero, macheka pang'ono, nkhani yatha. Khonsolo imagona Lamulungu." Koma pamlatho pali chikwangwani: mtengo wa m'mbali mwa mtsinje sudulidwa popanda chilolezo. Tsiku limene anachikhoma, amake ana anaomba m'manja. Ankakalipira aliyense wotaya zinyalala m'madzimo, ngakhale akuluakulu. Ndikadule mtengo wawo mwakuba ngati ndikuba nkhuku? Ndipita kukapempha.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ku khonsolo. Tsiku lathunthu osasoka kanthu. A zankhalango anditumiza kwa a malo. A malo kwa a mapulani. A mapulani ali ku msonkhano. Benchi lolimba, la mwendo umodzi waufupi.

Mtsikana wa pakauntala amadya mtedza, maso pa foni. Nditafotokoza zonse anadzutsa mutu koyamba. "Ndiye bwanji simunangodula, agogo?" M'nyumba ya khonsolo momwemo! Chikwangwani chonga cha pamlatho chili kumbuyo kwake.

Ndalama ya basi yangopita. Madiresi a operekeza mkwati akadali pamsomali.

Lachitatu, 22 Okutobala

Ndawapeza bwana wa zachilengedwe. Mnyamata ndithu, waulemu, anandipatsa mpando. Anandiphunzitsa kuti mizu ndiyo imagwira dothi la m'mbali mwa mtsinje, kuti dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Zoona zonse. Ndinavomera. Zimenezi ndinazimva kalekale m'khitchini mwanga momwe.

Ndiye ndinafunsa za malole. Ngati dambo ndi lofunika chotere, amene akulikwirira masanasana aja anatenga chilolezo pakhomo liti? Anayang'ana kudenga, anakonza mapepala amene anali okonzeka kale. "Nkhani imeneyo ili pamwamba, bambo."

Pamwamba. Nkhani yanga ndiye ili pansi, pamene aliyense angaiponde.

Akuti abwera kudzayeza.

Lachisanu, 31 Okutobala

Sanabwere. Mitambo yayamba kusonkhana masana, kutentha kosaneneka.

Tsidya lija ayamba mpanda wa njerwa, wautali, ndi geti. Akuti mudzakhala mosungira katundu. Pamene panali bango pali mchenga ndi mlonda. Achule sindinawamve chaka chino.

Ndimasesa masamba kuseri, ndinapeza ndodo ya amake ana yothyolera mapeyala, ya kawaya kunsonga, itatsamira pamene anaisiya. Ndinasesa mozungulira.

Mwana waimba kawiri. Ndamuuza kuti zikuyenda.

Lachitatu, 5 Novembala

Abwera. Bwana uja ndi anyamata awiri, chingwe choyezera, zikhomo, chitini cha penti.

Anayamba kuyeza kuchokera pamene pali madzi. Ndinawauza kuti mtsinje sunali pamenepo. Pomanga nyumbayi unali uko, kupitirira mwala waukulu uja, ndipo pakati panali dimba la masamba. Mtsinje ndiwo wabwera kwa ine, wothamangitsidwa ndi njerwa za tsidya. Ine sindinasunthe. "Ife timayeza pamene pali madzi lero." Basi.

Mtengo uli m'malo otetezedwa. Sudulidwa. Ndinati chabwino, nanga ukandigwera? Anapitiriza kukoka chingwe. Chinadutsa mtengo, chinadutsa pothirira madzi, chinakafika pakati pa zenera la kuchipinda. Chikhomo anachikhoma pamenepo. Ndiye kuti chipinda nachonso chili m'malo otetezedwa. Chinamangidwa molakwika. Ndichigumule ndekha, ndikapanda kutero adzagumula okha n'kundilipiritsa.

Mnyamata mmodzi anaviika bulashi, analemba X wamkulu wofiira pakhoma. Kuseri kwa khomalo ndi kumutu kwa bedi. Mbali ya amake ana.

Atatha anapempha madzi akumwa. Ndinawapatsa, m'makapu a alendo. Pobwerera galimoto yawo inaima kupatsa njira lole yodzaza njerwa.

Lachinayi, 6 Novembala

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa. Phula ndadya ndine.

Makina sindinawatsegule.

Lachiwiri, 11 Novembala

Mwana ndi mkamwini. Anaima patsogolo pa X uja nthawi yaitali. Mkamwini ndi munthu wabwino, anangoti, "Ababa, nyumba ndi njerwa chabe." Iye sanaziumbe. Amake ana anasenza madzi a njerwa zimenezi ali ndi pakati pa mkazi wakeyo. Akuti Loweruka la sabata yamawa abwera ndi galimoto ya katundu. Mwana analira pang'ono, kenaka anayamba kuwerenga mapoto.

Aneba sananene kuti ndinakuuzani. Ndawathokoza mumtima. Anabwera ndi mapaipi awiri achitsulo, tachirikiza mtengo. Tili mkati anaima, akuti, "Kodi achimwene, chilolezo chochirikizira munatenga? Mtengo wa boma uwu, tingamangidwe." Ndinaseka. Kuseka koyamba chichokereni maliro, ndipo kunandipweteka m'nthiti.

Lamuloli sindidana nalo. Ndilembe zimenezi kuti ndisadzaiwale. Mtsinje uyenera kukhala ndi malo ake. Koma lamulo la diso limodzi, loona telala osaona lole, limenelo ndi lamulo kapena ndi ndodo?

Lolemba, 17 Novembala

Mvula yoyamba, masana. Yamphamvu. Ndinaima pakhonde kuonerera. Madzi ofiira anagunda mpanda wa tsidya, anabwerera, anadza kuno onse. Chigumula chinanyamula zikhomo ziwiri za khonsolo. Dothi lina lagwa. Mapaipi agwira, koma mtengo unalira.

Ndiye kuti akadzayezanso, chingwe chidzafika pabalaza. Chaka chamawa pamakina. Munthu atakhala phee m'nyumba mwake, tsiku ndi tsiku mlandu wake ukukula.

X sanasuluke ngakhale pang'ono. Penti wabwino amagula.

Ndinapita ku khonsolo mvula itakata. Bwana apita kukayendera malo, akutero. Ndinasiya uthenga kwa wa mtedza uja. Sanaulembe.

Lachisanu, 21 Novembala

Ndilembe mwadongosolo.

M'mawa ndinabwereka kwa aneba penti wofiira wopaka mageti, ndi bulashi. Sanafunse. Anangondiyang'ana, n'kundipatsa bulashi yaikulu m'malo mwa yaing'ono imene ndinaloza.

Ndinasamba. Ndinavala suti imene ndinasoka pa ukwati wa mwana, ndi tayi. Tepi yanga yoyezera inali m'khosi, mwachizolowezi, sindinaiganizire n'komwe. Ndinaoloka pamlatho dzuwa lili pamutu, anthu akuona.

Mlonda ataona suti, tepi ndi chitini, anadzuka n'kuvula chipewa. "Mwafika bwana." Sindinanene kuti ndachokera ku khonsolo. Ndinayamba kulemba mpanda wawo pangodya ya kumadzi. X woyamba, wamkulu ngati wa kwanga, koma wowongoka. Mzere wokhota sindiudziwa ine. Mlonda anandigwirira chitini. Amisiri anatsika pamakwerero, anaima chapatali manja kumbuyo. Mmodzi akuti, "Tinanena ife kuti pano ndi pamadzi." Ndinapitiriza mpaka pageti, ndi geti lomwe. Lole inafika, dalaivala anaona, anabwerera chafutambuyo osatsitsa.

Ndinabwerera kunyumba. Pomasula tayi ndinaona dontho la penti pamkono wa jekete.

Amake ana akanati chiyani? Akanakalipa chifukwa cha dontho la pamkono wa jekete. Zinazo sindikudziwa. Ndikuganiza kuti akananyamula chitini.

Loweruka, 22 Novembala

Galimoto ya katundu inabwera. Yabwerera yopanda kanthu. Ndinamuuza mwana zimene ndachita, ndi kuti munthu wa mlandu sathawa pakhomo. Anakhala pansi pa sitepe. "Ababa, inuyo? Inu amene mumabweza chenji chopitirira?" Mkamwini anapita kukaona yekha, anabwera akudziletsa kuseka, mkazi wake anamuyang'ana ndipo kunatheratu.

Ndalola chinthu chimodzi. Bedi talitulutsa, lili pabalaza. Pansi pake panali nsapato za amake ana zakutchalitchi. Mwana anazitenga. Ndinamulola.

Malole lero ziii.

Lolemba, 24 Novembala

Malole kulibe. Amisiri akhala pamchenga, akusewera ndi timiyala.

Aneba abwera ndi nkhani. Mwini malole anali ku khonsolo m'mawa, kukuwa mpaka panja, kufuna amene anatuma anthu kukalemba mpanda wake. A malo akuloza a mapulani, a mapulani akuloza a zachilengedwe. Mlonda wanena kuti anali bwana wachikulire wa tepi m'khosi. Telala wa mbali ino ndi mmodzi.

A khonsolo abwere. Ndalakwa, ndikudziwa, ndipo ndivomera pamaso pa aliyense. Koma kuti afufute ma X amene ndinalemba ayenera kuima padambo paja, mapazi m'matope, n'kunena pakamwa kuti pamenepo si pamadzi. Akatero adzandiuze chimene chikuchititsa X wawo kukhala woona. Chingwe chawo chomwecho chikayeze tsidya. Akagumula uko, chipinda changa ndigumula ndekha, njerwa imodziimodzi, osadandaula.

Penti wakanirira m'zikhadabo. Sindinamuchotse.

Ndatulutsa mipando, ndaiika pansi pa mtengo, mbali imene waweramira. Akhale pamenepo pokamba nkhaniyi.

Galimoto ya khonsolo yaima pageti panga. Zitseko zitatu zatseguka. Makapu a alendo lero ayi.