Lachisanu la a Loko

BUNGWE LA OJAMBULA ZITHUNZI
Zolembedwa za msonkhano wa komiti yosunga zithunzi

Mawu a mlembi, amene Wapampando analola kuti akhale pamwamba

Zaka zambiri zapitazo, m'chipinda chomwechino, mayi wina anaima pakhomo atavala diresi limene anavala pa ukwati wa mwana wake. Anabwera kudzatenga zithunzi. Sabata yomweyo akuba anali atanyamula kompyuta yathu, zithunzi zonse n'kupita nayo. Mayiyo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ngakhale chimodzi chokha?" Tonse tinazolika. Pansi pa tebulo panali kamtsikana ka mnzathu wina, kakudula tizidutswa ta mapepala, kudikira kuti bambo ake amalize azipita kunyumba. Tsiku lomwelo mnzathuyo analumbira kuti chithunzi cha munthu sichidzatayikanso m'manja mwathu. Ndiye amene lero timawatcha a Loko. Ndalemba izi kuti wodzawerenga adziwe kumene nkhani ya lero yachokera.

Tsiku: Loweruka lachiwiri la mwezi wa Juni
Malo: chipinda chakuseri kwa situdiyo, pamwamba pa sitolo ya nsapato
Opezeka: Wapampando (ojambula maukwati); a Loko (osunga makope a zithunzi); Mayi Pasipoti (ojambula zithunzi za ziphaso); a Fulashi (ojambula mpira ndi madansi); mlembi
Opepesa: a Mafuremu, amene akudwazika apongozi awo

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero lalifupi. Zolembedwa za msonkhano wapitawo zinavomerezedwa, kupatula pamene panati a Fulashi anagona. Iwo anapempha kuti palembedwe kuti ankapumitsa maso, popeza maso ndiye khasu la wojambula. Anavomerezedwa.

2. Cholinga cha msonkhano

Wapampando anakumbutsa komiti kuti chibereni kompyuta ija, Lachisanu lililonse a Loko amakopera zithunzi za mamembala onse pa disiki ya m'kabati, kope lina n'kulitumiza pa intaneti kukasungidwa kutali. Makope onse amakhomedwa ndi mawu achinsinsi, moti wakuba atanyamula disikiyo sangaone nkhope ya munthu ngakhale mmodzi. Pulogalamu yake ndi yaulere, yolembedwa poyera kuti aliyense wodziwa aione m'kati mwake, koma ilibe mabatani. Munthu amaiuza zochita potayipa malamulo pa sikirini yakuda. M'bungwe lonse, amene amatha chinenero chimenecho ndi a Loko okha, ndipo sanajombepo Lachisanu ngakhale limodzi. Mamembala anawaombera m'manja.

Kenako Wapampando anati mwana wamkazi wa a Loko, yemwe uja wa pansi pa tebulo, anawaimbira foni iwo Wapampando. Anakwatiwa kutali, ulendo wogona panjira, ndipo ali ndi kamnyamata koyenda ndi kuyankhula kale, kamene agogo ake kamangowadziwa pa foni. Mawu a mwana wa a Lokoyo akuti anali akuti, "Anti, mundibwerekeko bambo anga mwezi umodzi wokha, ndidzawabweza." Ndi iyeyo amene anawauza za pulogalamu ina, yaulerenso, imene imaika mabatani pamwamba pa ya sikirini yakuda ija kuti wina aliyense atha kuigwiritsa ntchito.

A Loko anati nkhani za m'banja sizilowa m'zolembedwa za komiti. Wapampando anayankha kuti, "Alamu, amene inakubani kunyumba ndi komiti, ndiye ikubwezeni ndi komiti yomweyo." A Loko anati iwo sanakanepo kupita, chikwama anagula kale chaka chatha. "Koma nanga Lachisanu?" Mlembi akuchitira umboni kuti funso limeneli walimva kwa iwo pa maliro, pa maukwati, ngakhale ali chigonere ndi chimfine.

A Fulashi anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. A Loko anati iwo ali ndi zala khumi, ndipo pamene anayesa kuphunzitsa zala za a Fulashi, a Fulashi analakwitsa chilembo chimodzi n'kutsala pang'ono kufufuta ukwati wathunthu. A Fulashi anati banjalo linatha ndithu pambuyo pake, ndiye palibe akanadandaula. Wapampando analamula bata.

3. Kuonetsa pulogalamu yatsopano

A Loko anaulula kuti anaiika kale pa kompyuta mkati mwa sabata, pofuna kuipezera zifukwa. Anafotokoza kuti wogwira ntchito kuseri kwa mabatani ndi yemwe uja wakale, loko wake ndi yemweyo, makope akale onse akutseguka. Chasintha ndi nkhope basi. Anaonetsa pamene munthu amasankha mafoda oti asungidwe, batani lokopera, mndandanda wa masiku onse amene makope anatengedwa, ndi batani lobwezera fayilo yotayika. Anatinso munthu atha kuiuza tsiku kuti izikopera yokha, bola kompyuta ikhale yoyaka.

Mayi Pasipoti anafunsa ngati kumbuyo kwa batanilo kuli zomwe zija a Loko amanong'ona akamatayipa. Anayankhidwa kuti inde. Anati ndiye kuti zaka zonsezi ankaopa chinthu chimene chimangofuna kuvekedwa malaya.

Atafunsidwa zifukwa zimene anapeza, a Loko anati sanapeze, ndipo n'chimene chikuwadetsa nkhawa. Anati chinthu chosavuta chimagonetsa munthu tulo. Anthu adzaona kachizindikiro kobiriwira n'kumapita kunyumba akuimba likhweru, chonsecho kope limene sunayesepo kulibweza si kope, ndi chiyembekezo chabe. A Fulashi anawakumbutsa kuti kamera za dijito zitabwera ananenanso kuti ndi zoseweretsa ana. A Loko anati mpaka lero sanasinthe maganizo. Komabe komiti inagwirizana nawo pa mfundo yoyesa.

4. Mawu achinsinsi ndi kuyesa

Panapezeka kuti mawu otsegulira makope onse a bungwe ali m'mutu mwa munthu mmodzi. Wapampando anati usiku wonse (mlembi akukonza: anati sabata yonse) mtima wakhala uli m'mwamba poganizira zimenezi. Komiti inagamula kuti a Loko auze anthu awiri, Wapampando ndi Mayi Pasipoti, ndipo iwo awasunge pamtima komanso mu envulopu yomata, aliyense kwawo. A Loko anawanong'oneza mmodzimmodzi pakona ya kabati. Mlembi sanawamve, ndipo sakanawalemba. Anangoona kuti Mayi Pasipoti atawamva anayang'ana kanthawi pansi pa tebulo, pamene pankakhala kamtsikana kaja, Wapampando n'kuvula magalasi kuyamba kuwapukuta.

A Loko anati mayeso akhale otere: iwo afufuta chithunzi chimodzi pa kompyuta, atuluka kukakhala pa masitepe, ndipo Mayi Pasipoti achibweze. Iwo akaitanidwa kudzathandiza ngakhale kamodzi, ulendo palibe. Anasankha chithunzi cha Wapampando ali mtsikana, atavala nsapato zazitali ngati njerwa, tsitsi lili ngati chisa cha njuchi. Wapampando anapereka maganizo oti chimenecho chikhoza kutayika popanda bungwe kuluza kanthu. Palibe anawachirikiza.

A Loko atatuluka, Mayi Pasipoti anakhala pa mpando wa a Lokowo, umene palibe wina anaukhalapo. Anati iwo anazolowera kuuza anthu kuti, "Musamwetulire, yang'anani kuno," osati kulamulidwa ndi makina. Mawu achinsinsi anawalakwitsa koyamba. A Fulashi ananyamuka kulunjika kuchitseko, Mayi Pasipoti n'kunena kuti, "Achimwene, mukangogwira chitsekocho, chithunzi chanu cha pa chiphaso ndichipachika pawindo anthu onse aone makutuwo." A Fulashi anakhala pansi. Kachiwiri loko anatseguka. Mayi Pasipoti anasankha Lachisanu lapitalo, analowa mu foda ya Wapampando, anadina batani lobwezera, ndipo tsitsi lija linatulukira pa sikirini lonse lathunthu. M'chipinda munabuka nthungululu ndi phwete.

Mlembi anatumidwa kukawaitana a Loko. Anawapeza atakhala pa sitepe yapakati, chipewa chili pa bondo, akuyang'ana anthu oyesa nsapato m'munsimo. A Loko ananena chapansipansi kuti, "Simunandiitane." Mlembi anati ayi. Iwo anati, "Ndimamvetsera, mwana wa mayi anga. Ndimati mundiitana." Kenako anafunsa ngati chatuluka chonse, ndi nsapato zomwe. Mlembi anati ndi nsapato zomwe. Mlembi wawafunsa ngati izi zilembedwe, iwo anati zilembedwe, poti n'zoona.

Atalowa anachiyang'anitsitsa chithunzicho, anagwira Mayi Pasipoti chanza ndi manja awiri, n'kukakhala pa benchi pamodzi ndi ena onse. Wapampando anati asaiwale kuti batanilo lapeza chobweza chifukwa iwo sanajombe. Anati, "Batani silikanatha kubweza chimene inu simunasunge."

5. Kuthokoza amene anapanga pulogalamuyi

Mayi Pasipoti anafunsa kuti anthu ake ndani. A Loko anati ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana, osadziwana nkhope, amene amailemba akaweruka ku ntchito zawo, ndipo makalata amene amalandira kawirikawiri ndi odandaula. Wapampando anati zimenezo akuzimvetsa, nawonso amamva za mkwatibwi pokhapokha mphuno ikatuluka yaikulu. Komiti inagamula kuwatumizira uthenga wothokoza, kuwauza kuti zilembo zikuchepa kwa maso a anthu a msinkhu wathu, ndi kudzipereka kumasulira mawu a pa mabatani m'chinenero chathu. Inagamulanso kuwatumizira chithunzi cha komiti. A Fulashi anaimika kamera pa kabati n'kuthamangira pamzere. A Loko anafuna kuima kumapeto, koma anakokeredwa pakati.

6. Zogwirizana

Pulogalamu izikopera yokha Lachisanu lililonse, Mayi Pasipoti aziona kuti yamaliza. Kamodzi pamwezi membala mmodzi, mosinthana, azibweza chithunzi chimodzi kuti tione ngati makope ali moyo. A Loko akhalabe mkulu wa ntchitoyi ndi mphunzitsi wa ena. Sikirini yakuda isachotsedwe, popeza a Loko ati adzafuna kumaipatsa moni.

7. Zina ndi zina

Wapampando anafunsa a Loko kuti auze chiyani mwana uja. A Loko anati aganizira. Palibe anawakakamiza. A Fulashi anadandaula kuti ketulo ikudontha.

8. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Udzakhalapo Loweruka lachiwiri la mwezi wa Julayi, malo omwewo. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 5 koloko madzulo, Mayi Pasipoti n'kupemphera.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________

Zoonjezera, Wapampando asanasaine

Lolemba m'mawa a Loko anakwera masitepe n'kundipeza ndikulemba izi. Anali atakolekera kamera yawo yakale m'khosi, imene sindinaione kwa zaka. Anandifunsa ngati kamwana ka msinkhu umenewo kamakhazikika pojambulidwa. Ndinati ayi, ajambule kakuthamanga. Kenako anati anamuimbira mwana wawo, ndipo zatheka: anyamuka Lachinayi, ndipo iye adzawadikirira pa depoti ya basi pamodzi ndi kamnyamatako, Lachisanu masana. Ku msonkhano wa Julayi sadzakhalapo. Ndinati ndiwalemba pa opepesa. Iwo anati ndiwalembe kuti sadzapezeka basi, chifukwa sakupepesa.