Ndinazimvera Pachionetsero cha Ana

Pa 18 Novembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga, ndiponso kuti mwendo munkadandaula uja wasiya kutupa. Kuno tilipo. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo ine ndikangomva mawu anu ndimabwerera kukhala kamwana kamene munkakasambitsa.

Loweruka lapitali kunali chionetsero cha ana a maphunziro a masana aja, amene Kachiwala amatsalira akaweruka kusukulu. Mukudziwa kale kuti Lolemba amaphunzira zoimba, Lachitatu zovina, Lachisanu zasayansi. Mwina chimene simukudziwa ndi mmene anayambira. Pamene munandisiyira mwanayu mukupita kukafuna ntchito kutaliko, anali asanayambe n'komwe sukulu. Anakula wosayankhula, mlendo akabwera ankabisala kuseri kwa makina anga osokera. Ndinamulembetsa kumeneko poganiza kuti mwina anzake amutsegula pakamwa. Masabata oyamba ankangokhala pakona atakumbatira chikwama. Tsiku lina aphunzitsi a zoimba anamupatsa chitoliro, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba muno simunakhalenso bata. Dzina loti Kachiwala anamupatsa ndi anzake a zovina, chifukwa amalumpha ngati pansi pakumuotcha.

Chionetserocho ndinachikonzekera ndi mtima wonse. Masiketi a ana onse ovina ndinasoka ndine, mpaka makasitomala ena anandikwiyira powachedwetsera zovala zawo. Holo inadzaza. Ndinakhala kutsogolo, pafupi ndi mayi wogulitsa mabuku amene mwana wake amaimba ng'oma. Kachiwala anavina, anaimba chitoliro, kenako anabwera ndi kathabwa kake ka mawaya ndi mabatire. Babu linakana kuyaka. Mwana uja ankaopa anthu anayang'ana holo yonse n'kunena kuti, "Musadandaule, magetsi angothima ngati kunyumba." Anthu anaseka mpaka misozi. Anapotoza waya, babu n'kuyaka. Ndinalakalaka mukanakhalapo, Achemwali. Sindikunama.

Pomaliza aphunzitsi a zoimba aja anatenga maikolofoni. "Makolo, tisanabalalike, tili ndi nkhani yokoma komanso yowawa. Kachiwala wathu akutisiya mwezi wamawa. Mayi ake amupezera malo kusukulu yabwino ya zoimba kumene akukhalako. Tiyeni timuombere m'manja."

Holo yonse inaomba m'manja. Mayi wa mabuku uja anandigwedeza paphewa. "Koma inu mumadziwa kubisa. Nkhani yabwino chonchi osatiuza?" Ndinamwetulira, nanenso ndinaomba m'manja. Nditayang'ana kutsogolo ndinaona mwana ali chilili ndi chitoliro chake, maso ali pansi.

Anthu atachepa ndinawatsatira aphunzitsiwo m'kachipinda kosungiramo ng'oma.

"Aphunzitsi, mwana wanga akupita kuti?"

Anaika pansi ng'oma imene ananyamula. "Kodi achemwali anu sanakuuzeni? Anandilonjeza kuti akuimbirani Lamulungu lapita lija."

Munaimbadi Lamulungu lija. Tinakamba za mwendo wanu, za kuzizira kwa kumeneko, ndi za nsalu ya makatani imene mukufuna. Munkaseka bwinobwino.

Aphunzitsiwo anandiuza zonse. Kuyambira teremu yatha, Lachisanu lililonse anzake akamatuluka m'kalasi ya sayansi, Kachiwala ankalowa mu ofesi mwawo kukayankhula nanu pafoni yawo. Ankakuimbirani chitoliro, inu n'kumajambula ndi kutumiza kusukulu ya kumeneko. Ngakhale zithunzi za pasipoti anakamujambulitsa ndi iwowo, nthawi ya phunziro. Ine nthawi yonseyo ndili pabenchi la pakhonde, ndikusokerera mabatani, ndikuuza makolo anzanga kuti mwana wanga amachedwa kutuluka chifukwa chokonda sayansi. Pakati pa ine ndi inu panali khoma lokha.

"Anati inu ndinu a mtima wapachala, mukana," anatero aphunzitsiwo. "Ine ndinaona ngati ndikuthandiza mwana."

Aphunzitsi amenewa akhala akudya m'nyumba mwanga muno kangapo konse. Ndinatola masiketi amene ana anavula n'kutuluka.

Pobwerera sitinakwere basi, tinayenda wapansi. Mwana ananyamula kathabwa kake, akubwera pambuyo panga. Titafika pafupi ndi shopu ya wokonza nsapato anandigwira diresi.

"Amayi, mwakwiya?"

"Unadziwa liti?"

"Kalekale. Amayi aakulu anati ndikakuuzani mulira, kenako mukana, ndiye sindidzawaonanso."

Anayamba kulira pamsewu pomwepo, kulira kopanda mawu kuja ankalira ali wamng'ono. Ndinamubereka ngakhale wakula, miyendo ikundimenya m'maondo.

Ndili naye kumbuyo ndi pamene ndinakumbukira. Miyezi yonseyi, Lachisanu m'mawa ankadandaula m'mimba, osafuna kudya. Ndinapita naye kuchipatala, anamuyeza osapeza kanthu. Ndinamuletsa mkaka poganiza kuti ndi umene ukumupweteka. Kani mwana ankadwala chinsinsi chanu.

Chimene chikundiwawa ndi chimenechi. Zoti mwana ndi wanu sindinakanepo. Ndi ine amene ndinapachika chithunzi chanu kumutu kwa bedi lake, ndi kumuphunzitsa kukutchulani akamapemphera. Mukanangonena kuti, "Mng'ono wanga, nthawi yakwana," ndikanalira, inde, mwinanso ndikanakhala masiku osayankha foni yanu, koma pamapeto pake ndikanamusokera majekete a kozizirako. Inu munaona kuti n'chapafupi kuphunzitsa mwana kunama kusiyana ndi kumva kulira kwanga. Ndipo munasankha malo amene ndinamupititsa ndekha, kumene ndinkati ali m'manja abwino.

Sindimuletsa. Ndimamva mmene amaimbira ndikamasoka, ndipo ndikudziwa kuti wafika pamene aphunzitsi ake alibenso chatsopano chomupatsa. Koma ndamva kuti mwakonza zoti aphunzitsiwo amuperekeze kubwalo la ndege n'kukamusiya m'manja mwa mnzanu wina. Zimenezo ayi. Mwanayu si katundu wotumiza. Mubwere nokha, mulowe pakhomo pano, mukhale pampando, mundiyang'ane. Mukatero, chikwama chake ndilongedza ndekha. Kufikira tsiku limenelo azipitabe ku zoimba ndi zovina, chifukwa iye sanalakwe. Lachisanu ndizikhala naye m'kalasi momwemo, kumbuyo, ndipo tizitulukira limodzi. Mukafuna kuyankhula naye, foni yanga mukuidziwa.

Alamu anga mundiperekere moni. Sindikudziwa ngati nawonso ankadziwa, ndipo musandiuze. Mwendowo muziukweza mukamagona, musamangolimbikira ntchito.

Kachiwala akupereka moni. Ali pano pansi pa tebulo, akutolera mapini ndi maginito amene anawapatsa kusayansi. Ndamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwonjezere. Wati ndikufunseni ngati kunyumba kwanuko kuli malo oikapo makina osokera, ndiponso ngati ine ndizikagona m'chipinda chimodzi ndi iye. Ndamuuza kuti ndalemba. Mumuyankhe nokha.

Ndine mng'ono wanu.