Ngolo Yachiwiri

Lolemba, 8 Febuluwale 1999

Mvula tsiku lachisanu. Tiyi waphuka ngati wapenga. Maulendo asanu ndi limodzi kufakitale, lole ndi ngolo zake ziwiri. M'mawa ndazungulira ngati mwa masiku onse: matayala, magetsi, mapaipi a mabuleki, mapini. Pa ngolo yachiwiri, chitsulo chokokera chili ndi mng'alu, wowonda ngati tsitsi, pafupi ndi polowa pini. Ndakanena kugalaja kachitatu. Ati wowotcherera ali kumaliro. Masiku ano ndani sali kumaliro?

Lestina wadya masipuni atatu a phala. Chifuwa chomwe chija. Zaka 24 ndili naye mkazi ameneyu, sindinamuonepo atagona masana.

Lachinayi, 11 Febuluwale

Amwalira mayi Teleza, othyola tiyi a kumalaini akumunsi, kunyumba za antchito. Kwawo kwa Mphuka. Abwana apereka lole yanga mawa, ulendo umodzi basi, masana ikhale itabwerera kumasamba. Ndinati nanga za ngolo yachiwiri? Ati ndiwe dalaivala, uona wekha.

Msewu wa kwa Mphuka ndimaudziwa. Mitsetse yokhayokha, matope, phompho kumanzere. Ngolo yakumbuyo ikaduka pamenepo siifunsa njira.

Lachisanu, 12 Febuluwale

Ndafika kusiwa anthu atadzigawa kale. Bokosi ndi abale palole, abambo ngolo yoyamba, amayi oimba a kutchalitchi ngolo yachiwiri. Ndinawerenga, 38. Ena ana kumsana. Ndinagwada m'matope kuyang'ananso. Mng'alu wakula, chikhadabo chikulowa. Masamba ndinganyamule, masamba alibe ana. Ndinazula pini.

Nyimbo inaduka pakati. A Lackson, apampando a komiti ya maliro kumalaini, anabwera chipewa chili m'manja. "A Malizani, mukutsitsa anthu pamaliro?" Ndinawaonetsa mng'alu. Sanawerame n'komwe. Ndinati amayi ena apanikizane ndi abambo kutsogolo. Amayiwo anakana, ati akatsika mmodzi tatsika tonse. Anatsika, pamvula, mmodzimmodzi, aliyense akundiyang'ana.

A Lackson potsiriza: "Maliro n'kulirana, achimwene. Kwanunso kuli wodwala."

Mayi Teleza tawaika opanda oimba. Manyazi andigwira, koma anthu onse ndabwera nawo amoyo.

Lachitatu, 17 Febuluwale

Pakhomo zii. Amayi aja ankabwera m'mawa uliwonse, wina kutunga madzi, wina kusambitsa Lestina. Chiyambire Loweruka palibe. Mwana wathu Joan wasiya ntchito yake ku Luchenza, wabwera kudzadwazika amake.

Lestina wamva zonse, makoma a kumalaini sasunga nkhani. Sanakalipe, mphamvu zake zili kuti. Anangoti, "Bambo a Joan, mukanangowanyamula. Nanga ine adzandiimbira ndani?" Mkazi amene waimba pamaliro a anthu onse kuno, ngakhale a amene ankamunena. Ndinatuluka kukawaza nkhuni zowaza kale.

Ndikuopa. Osati imfa yake yokha, imeneyo ndaiona ikubwera. Ndikuopa kumuika ngati mlendo.

Lachiwiri, 23 Febuluwale

Ndinapita kwa a Lackson kukapepesa. Anandipatsa mpando, moni wa pakamwa. Ati nkhaniyi ndi ya amayi. Ndinati sindinanyoze maliro, ndinanyoza chitsulo. Ati, "Ngolo imene ija ikuyendabe tsiku ndi tsiku, yagwa kuti?" Zoona, ikuyenda. Ndimaiyendetsa ngati ndanyamula mazira, giya yachiwiri, anzanga akundiseka kuti nkhalamba yayamba kuopa msewu.

Wowotcherera wabwera. Tsopano ati gasi watha.

Lolemba, 1 Malichi

Lestina wapita. M'mawa, belu la kufakitale litangolira. Joan anali akumupesa tsitsi.

Lachinayi, 4 Malichi

Ndilembe, mwina mutu upepuka.

Tsiku loyamba pasiwa tinali anthu osakwana khumi. Lachiwiri m'mawa ndinamva nyimbo ikuchokera kumunsi. Amayi aja. Onse, mipango yoyera kumutu. Wina anandiuza m'maso muli gwa, "Sitinabwerere inu, tabwerera amake Joan." Ndinalira ngati mwana. Abwere m'mene angabwerere, bola abwera.

Kwawo kwa Lestina ndi kuseri kwa Khonjeni, kutsika phiri. Lole anabweretsa a Dixon, mnzanga wa shifiti ina, popeza namfedwa sayendetsa. Ndinatuluka kumbuyo kwa bokosi. Lole yanga. Ngolo zonse ziwiri. Amayi anali atakwera kale yachiwiri, akuimba nyimbo imene Lestina ankayambitsa.

Namfedwa sayendayenda, amakhala pamene amukhazika. Miyendo inapita yokha. Pachitsulo paja anapakapo girisi wambiri. Ndinapukuta ndi mkono wa jekete. Mng'alu wafika theka.

A Dixon anandinong'oneza, "Akulu, ndiyenda pang'onopang'ono, lero lokha tsekani maso." Joan anandigwira mkono, "Ababa, chonde." Ndinayang'ana mmwamba. Mayi wakutsogolo kwenikweni anali kuyamwitsa.

Ndinazula pini.

Ulendo uno amayi sanadikire kuuzidwa. Anatsika, n'kupinda mipango yawo, n'kubwerera kumalaini. Abambo ambiri anawatsatira. A Lackson anatsala, anakwera ngolo yoyamba, sanandiyang'ane njira yonse.

Kumanda tinali ife ochepa ndi abale ake a kumudzi, ambiri okalamba. Nyimbo anayambitsa Joan. Sanaimalize.

Lachisanu, 19 Malichi

Joan wabwerera ku Luchenza. Anatsanzika ali chiimire pakhomo, osakhala pansi.

Ndayambanso ntchito. M'mawa kuzungulira: matayala, magetsi, mapaipi, mapini. Gasi sanabwerebe. Ndanena kachisanu ndi chimodzi. Amayi kumunda akaona lole amatembenukira kutiyi.

Ngolo ija ikuyendabe. Maulendo asanu ndi limodzi patsiku, yodzaza mpaka pamwamba, mabampu onse a kumunsi, osaduka. Mwina ikanafika ku Khonjeni bwinobwino. Mwina Lestina akanaimbiridwa. Sindidzadziwa.

Lero potsika kamtsetse ka kufakitale ndadzipeza ndikupemphera. Zaka zonsezi ndimapempha kuti ndifike bwino. Lero ndimati iduke, Ambuye. Muli masamba okha, kumbuyo kulibe munthu, iduke pano anthu akuona, kuti mwina Joan angandikhululukire.