Singo ya a Kamwendo, Sizoni Yanga

Lolemba, 3 Malichi 2025

Mvula ya kuno. Yosadziwa kugwa, yosadziwa kuleka. Kope ili ndi la mdzukulu wanga Temwa, analitaya masamba alipo ambirimbiri. Ndilembamo ine ndi Sitandade 3 yangayi, woseka aseke.

A Kamwendo akana kusamba. Ati alibe tikiti. Amuna anga, zaka 55 tili m'banja, kalaliki wa njanji zaka 31, Balaka kenako Limbe. Thupi lili kuno kwa azungu ku Tyrrelstown kwa mwana wathu Mavis, mutu unabwerera ku siteshoni kalekale osatsanzika. Dzina la Mavis limawathawa. Koma afunseni mtengo wa thedi kalasi nthawi ya masheleni, achita kulakatula ngati Atate Athu.

Ndadula katoni ya kofilekisi, kachidutswa konga bokosi la machesi. Ndalemba: CHIPINDA – BAFA, THEDI, RITANI. Akatembenuza uku ndi uku, atulutsa chobowolera matikiti chawo chija anakana kuchisiya kumudzi. Khe! Asamba. Sopo watha theka.

Lachitatu, 5 Malichi

La Phulusa. Tikiti ya KUNYUMBA – TCHALITCHI, ritani. Yagwira ntchito.

Pakhomo la tchalitchi aimitsa mayi wina wachizungu ndi pulamu yake. Ati mwana wosakwana zaka zitatu ndi ulere, koma ngoloyo ipite ku bogi ya gadi. Mayiyo "sorry, sorry", ngati walakwadi. Anthu a kuno kupepesa ngakhale uwaponde ndiwe.

M'galimoto ndamufotokozera Temwa mmene tinakumanirana. Amva bwinobwino, kuyankha Chingerezi basi. 1969, Balaka. Ine zaka 18, thumba la mtedza pamutu, ulendo wa kwa azakhali ku Limbe. Kamnyamata ka kabudula wa khaki, masokosi mpaka m'maondo, kaika thumba langa pasikelo. Kati lapitirira ndi mapaundi 4, susupensi. Susupensi yanga ya nthochi zapanjira! Ndinakatukwana mpaka gadi anaiwala kuliza wezulo. Ndinati wakuba iwe, miyendo ngati kakowa. Limbe ndinafika mimba ikulira. Chaka chisanathe kakowa yemweyo kutumiza amalume ake kwathu.

Eni ake ali phee kumpando wakutsogolo, phulusa pachipumi. Angoti: "Lamulo ndi lamulo."

Loweruka, 8 Malichi



M'mawa ine ndili pa mandasi, Mavis kuntchito kuchipatala, mkamwini wanga a Jared kogula zinthu. Kutembenuka, chitseko chili pululu, a Kamwendo kulibe. Maola atatu. Kaya anakwera basi, kaya anayenda, adziwa ndi Mulungu. Apolisi awapeza pamphambano ya njanji kuseri kwa Blanchardstown, ataima chifupi ndi zitsulo, masilipasi kuphazi, kansalu kanga kofiira kopukutira mbale m'manja. Ati amadikira ya 7:15.

Wapolisi wake mtsikana, waulemu. Anawafunditsa jekete lake. Amubowolera kapepala ka m'thumba mwake.

Mandasi apsa onse. Mavis walirira kubafa, madzi atatsegula kuti ndisamve. Ndinamubereka ndine, ndingalephere kumva?

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndiye zatuluka. Mavis analembetsa bambo ake ku nyumba ya okalamba ya masisitere ku Dún Laoghaire, potchula amati Dun Leri, chaka chatha, osandiuza. Tsopano bedi lapezeka. Lachiwiri likubwerali.

Ndamuuza zonse. Kuti kwathu kholo sataya ngati nsapato. Kuti anamuphunzitsa unesi ndi malipiro a njanji, lero anesi anzake ndiwo aziwapukuta. Zina sindilemba. Iye osakweza mawu, angoti: "Amayi, tsiku lina sitima sidzaima." A Jared, munthu wa ku Chipata, maso pansi: "Manje tichite bwanji, apongozi?" Ndinatsuka mbale zotsuka kale.

Chandiwawa kwambiri n'chomaliza. M'galimoto sakwera popanda tikiti, ndipo dzanja limene amakhulupirira ndi langa lokha. Mavis ati: "Lembani ritani, amayi. Sadziwa."

Lachinayi, 13 Malichi

Malamulo a kunyumbako, Mavis wawerenga papepala: sutikesi imodzi, mpando umodzi, zithunzi, chovala chilichonse chikhale ndi dzina. Ndiye tsiku lonse singano. H. KAMWENDO pa masokosi, pa mavesiti. Maso akuwawa.

Iwo akondwa, akuyesa ndi ulendo wa ku Salima. Akokera sikelo ya kubafa pabalaza, sutikesi pamwamba. Malamulo mbwee. Nkhuku m'dengu, osati m'manja. Njinga kwa gadi. Usipa ku fesi kalasi ayi. Katundu wopanda dzina akatayika kampani ilibe mlandu. Katundu wosiyidwa pa siteshoni, mwini wake asunge kachiphaso, akachedwa kudzatenga amagulitsidwa.

Pamenepo singano yandibaya. Ndinapita kukhitchini.

Kale malamulo amenewa ankanditopetsa. Mchemwali wanga Anastazia anabwera ndi mbuzi atayiveka chitenje, ati ndi mwana wodwala. Mlamu wake yemweyu kumulipiritsa ya mbuzi, n'kuwonjeza kuti chitenjecho chamuyenera. Sanalankhulane mpaka Khirisimasi.

Loweruka, 15 Malichi

Mavis wandiphunzitsa njira. Basi mpaka m'tauni, kenako sitima yobiriwira ija amati DART. A Jared andiikira ndalama za mwezi wonse pa kakhadi. Ungokagunditsa pachitseko, tii, walowa. Palibe wokuyang'ana kumaso, palibe wobowola. Sitima yopanda nkhuku, yopanda wogulitsa mazira pawindo. Njinga m'kati mwenimweni, galu pamiyendo pa munthu. A Kamwendo akanaona akanalemba lipoti masamba folo.

Masiteshoni ndawawerenga ndi zala. Nyanja ikaoneka kumanzere ndiye kuti tayandikira.

Nyumbayo ndi yaukhondo, ndivomere. Fungo la kabichi. Windo la chipinda chawo likuyang'ana njanji, kuseri kwake madzi. Sisitere wina, Sisita Justina, anakhalako ku Zomba zaka 20, makwinya kuposa ine, koma kundilonjera: "Muli bwanji, agogo?" Ndinati agogo ndi inu. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinafuna kudana nawo malowo. Zavuta.

Lachiwiri, 18 Malichi

Sitinapite.

Ndinalemba monga anandiuzira. TYRRELSTOWN – DUN LERI, FESI KALASI, RITANI. Fesi kalasi ndinawonjeza ndekha, moyo wawo wonse sanakwerepo. Avala suti, tayi, nsapato a Jared atapolisha. Ndawapatsa. Aiyang'ana nthawi yaitali. Aitembenuza. Aiyang'ananso. Kenako maso pa ine: "Mayi, deti lobwerera lili kuti?"

Za kubafa ndi kutchalitchi sanafunsepo. Lero afunsa. Kaya anaiona sutikesi, kaya anaona nkhope yanga.

Ati ritani ya ulendo wautali imakhala ndi deti, yopanda deti ndi yabodza. Ati zaka 31 sanagulitsepo tikiti yabodza, sayamba lero kukwerera. Avula nsapato, aziika bwinobwino pansi pa mpando. Basi.

Mavis tchuthi chake chapita pachabe. Waimba foni. Ati atisungira bedi mpaka Lachisanu, kupitirira apo apatsa wina, ndipo mzere wake ndi wa chaka.

Mumtima ndinavina. Ndisaname, ndinavina. Mpaka ndinaona kansalu kofiira kaja pa waya.

Lachinayi, 20 Malichi

Dzuwa pang'ono, lopanda mano.

M'mawa ndawapeza pachitseko, chokhoma. Akukoka, akukoka, misozi chuu. Ati ya 7:15 inyamuka katundu asanayezedwe, anthu akudikira. Chala chachita magazi. Dzulo chimodzimodzi. Ine mphamvu zowagwira ndilibenso, anandikankha ndinakhala pansi. Sanadziwe. Mavis sindinamuuze.

Mavis ati ingolembani deti lililonse, Epulo kaya Meyi, mawa aiwala. Mwina zoona. Koma ine sindiiwala. Munthu ameneyu ndamutukwana pa chilichonse, mkonono, kuuma mutu, kudya mchere ngati mbuzi. Kumunamiza ayi. Kulemba kumene ndikulembaku anandiphunzitsa ndiye, kuseri kwa timapepala tomata pa katundu. Ndiye ndimubere ndi zilembo zake zomwe?

Ndadula makatoni awiri. Kamodzi kakang'ono. Kena kakakulu, ndajambula timabokosi 31 ndi rula ya Temwa.

Lachisanu, 21 Malichi

Ndinawapatsa kakang'ono. SINGO. Yopita, yosabwerera.

Anawerenga. Milomo kuyenda. "Singo." Ndinati eya, singo. Mavis pakhomo atagwira makiyi, osapuma. Ine ndinati akavulanso nsapato ndiye kwatha, bedi lapita.

Ati: "Nanga inu, Nangondo?" Dzina langa. Mwezi wathunthu asanalitchule.

Ndinatulutsa kakakulu. SIZONI TIKITI, C. KAMWENDO, TSIKU LILILONSE, KUPITA NDI KUBWERA. Anaiyang'ana pawindo ngati ndalama yokayikitsa. Anawerenga timabokosi tonse ndi chala. Kenako mawu aja a pa kauntala: sizoni sabwereketsa, mwini wake yekha, ndipo tsiku lodumpha kampani siibweza. Ndinati ndamva, bwana.

Khe, yawo. Khe, yanga.

A Jared anatsogola ndi mpando pagalimoto, ife ndinati tipita pa sitima, zivute zitani. Anakhala pawindo, sutikesi pakati pa miyendo. Siteshoni iliyonse kuitchula mokweza: Nkaya! Utale! Lirangwe! Mnyamata wina wa njinga anauzidwa zake. Nyanja itaoneka anangoti duu, kuyang'ana.

Singo anapereka kwa Sisita Justina pakhomo, ati tikiti yothera imasiyidwa pageti. Sisita anailandira ndi manja awiri. Chobowolera anafuna kuwalanda nesi wina, ati n'chakuthwa. Ndamuyankha Chichewa chokhachokha, wamva.

Pobwerera Mavis anatsamira paphewa langa ngati kale pa sitima ya ku Salima. Mutu wake ukulemerabe.

Lamlungu, 23 Malichi

Bedi lakula. Palibe mkonono. Tulo ayi.

Mabowo atatu. Dzulo ndinapita ndekha koyamba, ndinapitirira siteshoni imodzi, ndinabwerera. Palibe amene adziwe.

Lachiwiri, 25 Malichi

Mabowo asanu. Mawondo akudandaula masitepe. Akudya bwino. Sisita wawapatsa ntchito yolemba nthawi ya sitima iliyonse yodutsa pawindo. Ati sitima za kuno zimasunga nthawi koma zilibe ulemu, siziliza.

Kofilekisi sindidulanso. Katoni yatha ndangoitaya. Ndaitolanso.

Lachinayi, 27 Malichi

Mabowo asanu ndi awiri.

Lero sanandidziwe. Ndalowa, ndapereka sizoni, abowola, andibwezera ngati wapaulendo wina aliyense. Ndinakhala pabedi kupinda mavesiti opindidwa kale. Ndinati basi, zafika.

Kenako kundiyang'anitsitsa. Ati: "Inu si mtsikana wa mtedza uja?" Ndinati ndine, wakuba iwe. Anayang'ana kuchitseko, anandikodola, mawu pansipansi. Ati thumba lija silinapitirire ndi mapaundi 4. Linapitirira ndi 20. Mtengo wake sheleni ziwiri ndi susupensi. Anaona kuti pa kansalu kanga pali susupensi yokha, ndiye anandiuza 4, m'buku analemba 20, sheleni ziwiri anachotsa m'thumba mwake. Masiku atatu nkhomaliro osadya. "Musauze a siteshoni masitala. Ndipo musamuuze mwini wake, ngolusa."

Zaka 56. Nkhani imeneyi ndaifotokoza pa ukwati wa Mavis, pa ubatizo wa Temwa, pamaliro a Anastazia, anthu kugwa n'kuseka, iwo ali pomwepo, "lamulo ndi lamulo". Kakowa wachabechabe. Osanena bwanji?

Pa sitima ndalira kuchoka kunyanja mpaka m'tauni. Mayi wina anandipatsa tishu, "sorry, sorry".

Ndatsika pa shopu ya Mnaijeriya, ndagula mtedza wosakazinga, 3 yuro kapaketi kosadzaza manja awiri, akuba enieni ndi amenewa. Uli pamoto. Mawa basi ya 8:40. Timabokosi tatsala 24, ndiyambiretu kujambula ya mwezi wamawa, rula ya Temwa ili kuti