Desiki ya a Grey

Lolemba, 27 Okutobala 2008

Lero kwabwera kasitomala woyenda yekha. Zaka zonse ndakhala ndikukhoma mabokosi a maliro pano pa Santhe, amene amandipeza ndi achibale atanyamula bango la muyeso, mwini wake ali gone kunyumba. Koma uyu wabwera pa njinga, tayi ili m'khosi dzuwa lonseli. A Grey, mlembi wa komiti ya makuponi kwathu kuno. Akufuna desiki. Osati tebulo, andiuza kawiri, desiki. Ikhale yaitali, ndiponso ya madirowa akuya oikamo mafayilo ngati imene anaiona ku boma.

Ndafunsa kuti mafayilowo ndi aakulu bwanji. Akuti sanagule.

Malipiro ndi kuponi imodzi ya feteleza. Dzina langa chaka chino silinalowe, akuti mmisiri si wosauka. "Koma desiki ikakhala bwino, a Kalekeni, imodzi ikhoza kutsalira m'dirowa." Ndavomera asanamalize n'komwe. Chimanga cha mkazi wanga Feliya chaka chatha chinali ngati zala, ndipo pofika Januwale tinkadyera kwa apongozi. Chaka chino sindikufuna.

Lachitatu, 29 Okutobala

Ndapita kukawayeza. Munthu wamoyo ndi wovuta kuyeza, sakhazikika ndipo amakhala ndi maganizo. Ndawakhazika pa mpando pakhonde, tepi kuchoka pansi kufika pa chigongono. Amayi awiri ochokera ku chigayo atandiona ndi tepi pa thupi la a Grey aima n'kugwira pakamwa. Pofika madzulo msika wonse wamva kuti mlembi ali kayakaya.

Loweruka, 1 Novembala

Matabwa onse a paini amene ndinasungira nyengo ya mvula alowa mu desiki. Feliya akuti, "Nanga wina akatisiya, bambo a Vailet?" Ndati ayambe wadikira.

A Aloysius afika monga mwa masiku onse. Madala amenewa anali kapitawo pa esiteti ya fodya, ndipo chipumire ntchito amayang'anira ine, pa benchi langa, kwaulere. Azungulira chimene ndikukhomachi, agogoda ndi ndodo. "Iwe Kalekeni, mwini wake wa chimenechi agona mopinda miyendo?" Iwo dzina lawo linalowa, ndiye akuyenda ngati agula lole.

Lachiwiri, 4 Novembala

Madirowa. Malemu bambo anandiphunzitsa kuti ntchito yabwino ndi imene nyerere siipeza polowera. Chivundikiro chikakhala pa bokosi pasaoneke mpata ngakhale wa tsitsi. Madirowa ndawapala momwemo. Akulowa mwakachetechete, ndipo ukakankha lina mpweya ukukankha linzake. Ndanyadira, sindinama. Pajatu palibe kasitomala wanga ndi mmodzi yemwe amene anabwerako kudzadandaula.

Lachisanu, 7 Novembala

Zogwirira za madirowa pa Santhe palibe. Ndaika zimene ndili nazo, zagolide zija za mabokosi a anthu olemera. A Grey akondwa mpaka kuzipukuta ndi tayi. Akuti zoterezi ngakhale ku boma kulibe. Zoonadi, kulibe.

Ndinayamba kuyala nsalu yoyera m'dirowa lapansi, Feliya ndiye wandigwira dzanja.

Lolemba, 10 Novembala

Desiki yapita pa ngolo, itafundidwa chitenje kuopa fumbi. Woyendetsa sanamenye ng'ombe, amayenda pang'onopang'ono monga amachitira akanyamula katundu wanga. Anthu m'njira amapatuka, azibambo kuvula zipewa. A Grey ali patsogolo pa njinga, kugwedeza mutu uku ndi uku, akuyesa ulemuwo ndi wawo.

Ofesi ndi kachipinda kuseri kwa golosale yawo. Akhala pansi, atsegula dirowa, atseka, atsegulanso. Lapamwamba aikamo cholembera. Lapakati chidindo.

Lachitatu, 12 Novembala

Makuponi afika, awatsekera m'dirowa lapansi. Agawa Lachisanu. A Grey anditsinzinira diso pa msika. Feliya wamaliza mizere, akuimba nyimbo za kwaya.

Lachinayi, 13 Novembala

Mvula yoyamba, tsiku lonse. Chitseko chathu chatupa, chikutseguka ndi phewa.

Lachisanu, 14 Novembala

Dirowa lakana.

Anthu anaima pa mzere kuyambira m'mawa, mvumbi uli pamutu. A Grey anakoka. Wapampando wa komiti anakoka. Anaitana azibambo awiri onyamula mabelo a fodya, desiki yonse inayenda mpaka pakhomo koma dirowa ayi. Zogwirira zokha ndiye zinapirira, pajatu zinapangidwira kunyamula munthu. Anathira mafuta ophikira. Mkulu wa mpingo anapemphera. Kunja amauza anthu kuti akukonza mafayilo. Kundiitana sanafune, kuopa kuti ndiononga vanishi. Ndipo palibe amene anachoka pa mzere kukabisala mvula, chifukwa ukachoka malo ako apita.

Andiitana dzuwa litapendeka. Ndadutsa mzere wonse ndi tchizulo m'manja, mutu uli pansi. A Aloysius anali chapakati, thumba lakale la feteleza pamutu, malaya atamatirira m'thupi, mano akugundana. Komabe pakamwa ndiye sipanyowa. "Kalekeni, makuponi athu wawaika m'manda?" Anthu anaseka. Ine ayi.

Matabwa amwa chinyezi n'kutupa, ndipo mpata woti atupiremo sindinasiye. Ndikanaudziwira kuti? Chinthu choti chitsekedwe n'kudzatsegulidwanso sindinapangepo. Ndakanganula kumbuyo, thabwa lang'ambika, makuponi atuluka ali ouma bwinobwino. Nyerere sinalowe.

Koma pofika apo khomo ndi zenera zinali zitadzaza maso. Wapampando walanda mtolo wonse, kuitana mayina mokweza, kugawa mpaka manja kuyera. Yotsalira m'dirowa panalibe. A Grey andiuza motsitsa mawu kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu awo, ndipo desiki yosweka salipira.

Loweruka, 15 Novembala

Desiki yabwerera pa ngolo yomweyo, yosafunda. Palibe wavula chipewa.

Feliya wabzala. Za feteleza sanafunse. Bola akanandikalipira.

Lachitatu, 19 Novembala

Benchi lakhala lopanda munthu chichokere Lachisanu, ndiye ndapita kukawaona a Aloysius. Chifuwa chawagwira zolimba, akupuma movutika. Achipatala anawapatsa mankhwala n'kuwabweza. Andionetsa kuponi yawo, ili pansi pa pilo m'kapepala ka shuga, akuti akadzuka akagula okha feteleza, ana angawabere. Kenako andikoka malaya. "Bokosi langa udzasiyeko mpata, wamva? Mwina ndidzafuna kutuluka."

Ndaseka kuti asangalale. Pobwerera mtima umandiwawa njira yonse. Mvula inawanyowetsa ndi ya Mulungu, koma dirowa linali langa.

A Grey ndakumana nawo pa chigayo. Ayang'ana kumbali. Akuti tsopano akufuna kabati yachitsulo.

Loweruka, 22 Novembala

M'mawa ndikutsegula, ndapeza Chikhumbo, mwana wamkulu wa a Aloysius, ataima panja ndi bango m'manja. Walowa, waligoneka pa desiki. Kenako watulutsa kapepala ka shuga kaja n'kukaika pambali pake.

"China tilibe, achimwene. Bambo anati tikupatseni iyi. Akuti mudziwa nokha mopangira."

Feliya anali pakhomo ndi khasu, akupita kumunda. Wayang'ana kuponi ija nthawi yaitali, wayang'ana ine, watsamiritsa khasu kukhoma n'kulowa m'nyumba kukatenga chitenje cha kumaliro.

Matabwa ena ndilibe. Ndayeza bango pa thabwa lapamwamba la desiki, likukwana, ndipo kachidutswa kakutsalako. Ndayamba kumasula zogwirira zagolide zija. Kuponi sindinaikhudze. Ndangoikapo hamala kuti mphepo isaiulutse.